Nkhungu ya m'botolo

Kwathu ndi ku Dedza, kuphiri, ndipo madzi aakulu amene ndinkawadziwa ndili mwana anali dambo la kumunsi kwa sukulu. Ndiye mukamva kuti ntchito yanga ndi yoyeza madzi a m'nyanja yamchere, sekani ndithu, simukhala oyamba. Amalawi a kuno ku Indiana anayamba kalekale. Chimawakomera kwambiri n'chakuti labu yathu ili ku South Bend, pakati pa minda ya chimanga, kumene kuti ukaone nyanja yamchere uyenera kuchita kukwera ndege.

Gulu lathu limafufuza chifunga cha panyanja, chija chimatseka maso a asodzi ndi oyendetsa sitima. Chifunga chotere chimabadwa mpweya wofunda ukamadutsa pamwamba pa madzi ozizira. Koma madzi a pamwambawo sazizira okha. Akamavunduka, ozizira a pansi amakwera n'kusakanikirana ndi ofunda a pamwamba, ndipo mpweya umene ukudutsawo umazizira nawo. Anzanga ena amayeza mphepo, ena amayeza timadontho ta chifungacho. Ine gawo langa ndi kuvunduka kwa madziko.

Chipangizo chimene ndimagwiritsa ntchito n'chachitali ngati munsi, ndipo ine ndimachitcha munsi basi. Kumchira kwake kuli ubweya wolimba woti chisamathamange m'madzi. Kumphuno kwake ndiye kuli nkhani yonse. Kuli timitu tiwiri tofanana ndi nsonga ya pensulo, tomva madzi akatikankha ngakhale pang'ono chotani, ndi tina tagalasi toonda kwambiri tomva kutentha ndi kuzizira. Tinthu timeneti sitifuna chibwana. Ukangotikhudza ndi chala, wathyola, ndipo pulofesa wathu sakalipa koma amakuyang'ana mpaka iwe wekha uyambe kudzikalipira.

Chaka chimene ndikunenachi, mtima wanga sunali pa munsi pokha. Ndinali ndi bwenzi ku Indianapolis, namwino, yemwe ankakhala kwa mkulu wake ku Beech Grove. Tinali titagwirizana zokwatirana. Koma mukudziwa kuti kwathu ukwati si wa anthu awiri. Mayi ake anali atabwera kuchokera ku Nkhotakota kudzathandiza mkulu wakeyo kulera khanda, ndipo amalume ake kumudzi anali atanena mosapsatira kuti, "Mlongo wathu akamuone mnyamatayo. Akatiuza kuti ndi munthu, ankhoswe ake abwere. Akakhala chete, ifenso tikhala chete." Mayiwo ankayenera kubwerera kwawo masamba akayamba kuyoyoka. Moyo wanga wonse unali pakamwa pawo.

Ndiye Lamlungu lililonse ndinkalawirira, kutsetsereka ndi msewu wautali uja wa minda yokhayokha, kukapemphera nawo ku Indianapolis, kenako kukadya ku Beech Grove. Mayiwo anali munthu womasuka. Ankakhala nane pabalaza, kundifunsa za makolo anga, za mpingo wathu, ngati mbatata za ku Dedza zidakali zokoma. Ankanditcha bambo a ku Dedza. Ankaseka nthabwala zanga, ngakhale zosakoma zomwe. Koma ukawafunsa ana awo kuti nanga akuti bwanji, yankho linali limodzi: sakunena kanthu.

Lamlungu lina, bwenzi langa anamuitana mwadzidzidzi kuchipatala, mkulu wake anali kusambitsa mwana, mwamuna wa mkulu wakeyo anali kuntchito. Tinatsala awiri.

"Kodi bambo a ku Dedza," anatero, "ntchito yanuyi ndi yotani kwenikweni? Mwana wangayu akamalongosola ndimangomva chizungu chokhachokha."

Ndinati apa ndiye pondionetsera kuti Chichewa sindinachitaye pabwalo la ndege. Kwathu kuphiri, chija chimatsika m'mawa n'kuphimba mitengo timachitcha nkhungu. Mawu akuti chifunga ndinkawadziwa, koma ndinkawaona ngati a m'buku la kusukulu. Ndiye ndinayankha ndi mtima wonse.

"Timafufuza za nkhungu, amayi. Nkhungu ya panyanja."

Anaika kapu pansi.

"Nkhungu? Kunonso kuli nkhungu?"

"Kuno ndi pang'ono. Koma kunyanja yaikulu kumene tikupita mwezi wamawa, ndiye kuchimake."

"A! Zimachita kutuluka pamadzi ngati utsi?"

"Ndendende ngati utsi, amayi. Umachita kuona patali ngati mtambo wagwera pamadzi."

"Ndi zomwezo! Ndipo zikakupeza uli m'bwato, ngozi."

"Ngozi yeniyeni. Anthu amafa. N'chifukwa chake tikufuna tizidziwiratu tsiku limene ikubwera."

Ndinamva ndithu kuti pamene ine ndikuti "imabwera" iwo akuti "zimabwera", koma ndinati ndi kalankhulidwe ka kunyanja, ndipo munthu wofuna mwana wa eni sapita kukakonza galamala ya mayi wake.

"Nanga azungu amagwira ndi chiyani?"

"Mnzanga wina ali ndi bokosi la tizingwe tambirimbiri, ndi fani yokokera mkati. Imakakamira patizingwepo, n'kumagwera m'botolo."

"Mpaka fani!" Anaomba m'manja. "Ife timangonyowetsa dengu, n'kumalizunguza m'mwamba. Pang'ono pokha ladzadza."

Ndinachita chidwi kwambiri. Mumtima ndinati taonani, amayi a ku Nkhotakota akukolola chifunga ndi madengu, ndipo palibe wasayansi amene analembapo. Ndinayamba kale kuona dzina langa pamwamba pa kafukufuku watsopano.

Kenako anatsitsa mawu, maso ali kuchitseko cha kubafa.

"Mukapita mudzandibweretsereko, ngakhale pang'ono. Chibwerere kuno m'kamwa mwanga mwangoti zii. Nkhuku za kuno zili ngati ukutafuna thonje. Koma musawauze anawa. Chilichonse amandiletsa, ati bipi."

Zoti munthu angalakelake kulawa nkhungu zinandidabwitsako. Koma nafenso tili ana tinkayasamula popita kusukulu m'mawa kuti itilowe m'kamwa, ndiye ndinati aliyense ali ndi zake zokumbukira nazo kwawo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine sindinafunse. Ndinalonjeza, dzanja lili pachifuwa.

Madzulo ake bwenzi langa anandiimbira. "Iwe, wawauza chiyani amayi? Chichokere iwe akungokutama."

"Za ntchito basi," ndinatero, ndikudzimva.

Mwezi wotsatira tinapakira zipangizo m'mabokosi, kuwoloka kupita kugombe la kum'mawa kwa Canada, n'kukwera sitima. Masiku oyamba sindifuna kuwakumbukira. Ndinasanza mpaka ndinayamba kupempha Mulungu kuti akandibweza pamtunda ndikakhala mlimi wa mbatata moyo wanga wonse, osadandaula. Amalinyero ankangondipatsa mabisiketi ouma n'kumandiuza kuti ndiziyang'ana kutali. Kutali kwake kuti, poti kunja kunali mbuu, ngakhale kutsogolo kwa sitima komwe osakuona?

Koma m'mimba mutakhazikika, ntchito inayamba kukoma. Madzi amene timawafuna ndi a pamwamba penipeni, ndipo amenewo ndi ovuta kuwayeza, chifukwa sitima nayo imawavundula ikamayenda. Ukaponya munsi pafupi, zimene ukayeze ndi fumbi la sitima yako yomwe. Ndiye tinkaumangirira chitsulo cholemera, kuutsitsa kumbuyo, n'kumamasula chingwe mpaka utsalire kutali. Ukamira mokwanira tinkamasula chitsulocho, ndipo munsi unkayamba kukwera wokha, mphuno m'mwamba, mwakachetechete, timitu tija tikumva kugwedezeka kulikonse kwa madzi mpaka utatulukira pamwamba. Chingwe chimayenera kukhala cholendewera nthawi yonseyo. Ukangochikoka pang'ono, munsi umanjenjemera, ndipo zimene walemba ndi kunjenjemera kwa dzanja lako.

Ine ndinkasinthana ndi mnzanga, wina pachingwe wina pakompyuta. Pakompyuta umaona mzere ukuyenda. Madzi akakhala odekha mzerewo umayenda wowongoka, akafika povunduka umayamba kuvina. Nthawi zina unkadumpha mwamisala, ndiye tinkadziwa kuti munsi wagunda kanyama kena koterera ka m'nyanja, ndipo mwina kamutu kamodzi kapita. Kusintha kamutu sitima ikupendekeka uku ndi uku, zala zitauma ndi chisanu, lipenga la sitima likulira pafupipafupi kuchenjeza anzathu osaoneka, imeneyo ndi ntchito imene inandiphunzitsa kupemphera mano ali okukuta.

Tsiku lina kunacha koyera, dzuwa lili phwee. Mphepo inayamba kulimba, mzere wanga unayamba kuvina kuposa masiku onse, ndipo madzi a pamwamba anayamba kuzizira ndikuona ndi maso anga. Pofika masana mtambo uja unatulukira patali, n'kubwera, n'kutimeza. Ndinakuwa ngati timu yathu yagoletsa. Zimene ndinkawerenga m'mabuku pakati pa minda ya chimanga zinali zikuchitika patsogolo panga, ndipo nsidze zanga zinali zitanyowa nazo.

Tsiku lomwelo ndinapita kwa mnzanga wa bokosi la tizingwe uja. Anali atatenga kale madzi okwanira kukayeza kulabu, ndiye ndinamupempha otsalawo. Anandifunsa kuti ndi a chiyani. Nditamuuza kuti ndi a mayi a bwenzi langa, anagwira pamtima n'kunena kuti sanamvepo mphatso yokoma chotero. Anandithirira m'kabotolo kakang'ono. Madziwo anali otuwa pang'ono. Ndinalawa dontho limodzi, ndinamva kamchere ndi kafungo ka chitsulo. Ndinati zokonda akuluakulu sitingazimvetse, n'kukakulunga kabotoloko m'sokosi ziwiri.

Nditabwerera ndinawatumizira mayi aja uthenga kudzera kwa bwenzi langa wakuti katundu uja wafika, ndibwera naye Loweruka. Iye anafunsa kuti katundu wanji, ine ndinati ndi za akuluakulu.

Nditafika ku Beech Grove ndinaona magalimoto achilendo pabwalo. M'nyumba munali amayi ena awiri a kutchalitchi, onse a kunyanja, atavala ngati kuli chinkhoswe. Pambuyo pake ndinamva kuti dzulo lake mayiwo anakakamiza mwana wawo kuwaperekeza kumashopu a ku Lafayette Road kukagula tomato, anyezi ndi mpunga wabwino, osanena chifukwa. Chiwaya chinali kale pachitofu.

"Bambo a ku Dedza afika!" anatero, nkhope ikuwala. "Anzanga, lero mukumbukira kwanu."

Ndinanjuta patsogolo pawo mwaulemu, kumasula sokosi zija, n'kupereka kabotoloko ndi manja awiri.

Anakalandira. Anakakweza kuwindo. Anakagwedeza.

"Ichi n'chiyani?"

"Nkhungu ija, amayi. Ya tsiku limene inali yambiri zedi."

Anakayang'ananso nthawi yaitali.

"Zasungunuka?"

Woyamba kuzindikira anali mwamuna wa mkulu wake uja. Anatulutsa kamawu ngati tayala likuphwa, n'kuthawira kukhonde, ndipo tonse tinamumva akuseka chikhakhali kunjako. Bwenzi langa anagwira pakamwa.

"Amayi, munamutuma chiyani munthuyu?"

"Nkhungu. Si ndiye ntchito yake?"

"Mayo ine! Mwakonfyuzana. Amayi, uyu amapanga risechi ya chifunga. Chifunga!" Kenako anatembenukira kwa ine, misozi ya kuseka ikutsika. "Iwe, nkhungu kwathu ndi tizilombo. Timatuluka m'nyanja tambirimbiri ngati utsi, anthu amatigwira, kuumba, kuyanika. Ndi ndiwo. Sunamvepo?"

Ndinali nditamvapo, kalekale, mwina kusukulu, monga mmene munthu umamvera za ngamila. Koma sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi, mwezi wonse uja. Madengu onyowa aja anandibwerera tsopano, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti za kafukufuku watsopano ndinali ndisanamuuze pulofesa.

Mmodzi wa alendo aja anafunsa mwaulemu wonse kuti, "Ndiye tikazinge madziwo, kapena tingothira mumpunga?" Nyumba yonse inaphulika. Mdzukulu wamkulu wa mayiwo anatuluka kuchipinda n'kufunsa m'chizungu kuti chikuseketsa n'chiyani, ndipo palibe amene anali ndi mpweya womuyankhira.

Ine sindinaseke. Ndinapsa mtima. Ndinakwiyira Chichewa chopatsa zinthu ziwiri dzina limodzi ngati mayina anatha. Ndinakwiyira Dedza. Ndinakwiyira bwenzi langa, amene m'malo mondithandiza anali atagwira khoma. Koma chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti mayiwonso sankaseka. Anali ataitana anzawo, atanditama pamaso pawo, ndipo ine ndinawabweretsera madzi a m'sokosi.

Phokoso litatsika anafunsa, osakweza mawu, "Ndiye kunyanjako munkatani?"

Ndinalibe chotaya. Ndinatenga kapu ya tiyi, kuthiramo mkaka pang'onopang'ono osatakasa, n'kuwaonetsa mmene mkakawo ukupotokera wokha m'kati. Ndinati m'nyanja mumachitika zotere, ndipo zikachitika kwambiri madzi a pamwamba amazizira, chifunga n'kubadwa. Ndinawaonetsa zithunzi za munsi pafoni, ndi china chimene anzanga anandijambula nditakumbatira ndowa masiku oyamba aja, nkhope ili mbee. M'thumba la jekete ndinali ndi kamutu kamodzi kothyoka kamene ndinasunga, ndiye ndinakaika m'dzanja mwawo.

"Kanthu kameneka ndiye kamamva madzi?"

"Inde, amayi."

"Ndiye inu mukudwala chonchi, munkakumbuka zimene ndinakutumani?"

"Tsiku lililonse."

Anandibwezera kamutuko. Anati, "Chabwino." Anatenga kabotolo kaja n'kulowa kuchipinda, ndipo sanatulukenso mpaka ndinatsanzika. Tomato uja anathera m'mazira.

Ulendo wobwerera ku South Bend sunatalikepo ngati tsiku limenelo. Sabata yonse ndinali mulabu kutsuka munsi ndi madzi opanda mchere, kuyesa timitu totsala m'thanki, kamodzikamodzi, kuti tione ngati tikumvabe bwino. Manja ankagwira ntchito koma mutu unali ku Beech Grove. Anzanga ankakondwera ndi mizere yovina ija, ine ndinkangoti eya. Ndikaimba foni yankho linali lomwe lija, koma tsopano lowawa kwambiri.

"Sakunena kanthu. Anawakola amalume pafoni dzana, koma anatseka chitseko."

"Mawu awo amamveka bwanji?"

"Ndati anatseka chitseko, iwe."

Masamba anali atayamba kufiira. Lamlungu lotsatira linali lomaliza mayiwo asananyamuke. Ndinapita ndili ndi mawu opepesa amene ndinawayeserera msewu wonse.

Nditagogoda, ndinawaona pabalaza atanyamula khanda. Atangondiona anadzuka, kukokera chitenje kumutu, kutembenukira kukhoma, n'kulowa kukhitchini. Moni sanandipatse. Munthu amene Lamlungu lililonse ankandilandira ndi "bambo a ku Dedza afika" sanandiyang'ane n'komwe. Chakudya chinabwera ndi bwenzi langa, ndipo mpando wawo unakhala wopanda munthu. Ndinkamva mawu awo kukhitchini akucheza bwinobwino ndi mwana wawo wamkulu. Nditapita kukasamba m'manja tinatsala pang'ono kukumana m'kanjira ka m'nyumba, ndipo iwo anabwerera chafutambuyo n'kulowa m'chipinda chochapira zovala, kudikira mpaka nditadutsa.

Pamenepo mtima unasweka. Mawu opepesa aja ndinawameza. Ndinatenga makiyi mwakachetechete n'kutuluka. Bwenzi langa anandipeza ndikutsekula galimoto.

"Ukupita kuti?"

"Kwathu. Waona wekha. Sakufuna ngakhale kundiona. Zatha basi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akuona chinthu chachilendo.

"Koma iwe, masukulu onsewa. Ku Dedza unakulira m'thumba?"

Ndisanayankhe, windo la kukhitchini linatseguka. Nkhope sinaoneke, kunangomveka mawu okweza bwino, olunjika kwa mwana wawo ngati ine palibepo.

"Iwe, auze apongozi asanyamuke asanamwe tiyi, msewu ndi wautali. Uwauzenso kuti ankhoswe awo asachedwe. Amalume ako akudikira."

Windo linatsekeka.

Apongozi. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna munthu amene akunenedwayo, ndipo pabwalopo panali ine ndekha. Mlendo ndi amene umakhala naye pabalaza n'kumaseka nthabwala zake. Mkamwini umamupatukira panjira, sudya naye, sumuyang'ana kumaso. Ndinazidziwa zimenezi chibadwire, ndinaona agogo anga akuthawa bambo anga moyo wawo wonse, koma mantha anali atanditseka maso.

Ndinakhala pansi pomwepo, pasimenti, pafupi ndi tayala, n'kuyamba kuseka, kenako kulira, osadziwa kuti chayamba ndi chiti. Mnansi wina wachizungu amene ankatchetcha kapinga anazimitsa makina ake n'kufunsa ngati zonse zili bwino. Bwenzi langa anamuyankha kuti zili bwino kwambiri.

Kuyambira tsiku limenelo mayi aja sanandiyang'anenso m'maso, ndipo m'moyo wanga wonse palibe munthu amene anandilandirapo bwino chotero.